Chikhoti cha Abambo Sinditumiza

Sergeli, Tashkent
6 Disembala

Okondedwa Achimwene Davron,

Ndiyambe ndi moni, monga anatilerera. Muli bwanji kumeneko ku Quva? Amayi miyendo ikuwalola kuima pang'anjo? Alamu anga a Nasiba ndi ana ali bwanji? Nanga Abambo, chifuwa chija chatsika? Pafoni mumangoti ali bwino, ali bwino, koma ine ndimawamva akutsokomola kumbuyo kwanuko, ndiye musandinamize.

Ine kuno ndilipo. Mwezi uno ndi wachisanu ndi chitatu, mapazi atupa moti ndikuvala nsapato za apongozi anga. Kusikelo akuti mwana wagona bwino, tizimuyembekeza pakati pa Januwale. Msana suli wanganso. Koma kutopa kumene kwandilembetsa kalatayi si kwa msana.

Mudabwa kuona pepala ngati tilibe mafoni. Chifukwa chake n'chakuti pafoni simundilola kumaliza. Ndikangoti belu lija, inu mwayamba kale kukalipa, ine ndayamba kulira, Amayi akulandani foni, nkhani yathera pomwepo. Pepala silidula munthu mawu. Ndapatsira a Ergash, a takisi ya Lachisanu aja. Muwerenge yonse mpaka kumapeto, kenako mundikalipire ngati mphamvu zikhala zikadalipo.

Nkhani ya belu simunaimve kuyambira pachiyambi. Mwamuna wanga Jasur asanabwerere ku Korea mu Meyi muja, anabwera ndi kabokosi akumwetulira ngati wagula ng'ombe. M'kati munali kabelu kakuda, kakang'ono ngati sopo, kokhala ndi diso lagalasi. Anati munthu akafika pageti n'kukadina, foni yake imalira kulikonse kumene ali, amamuona munthuyo, n'kulankhula naye. Anati akusiya akazi awiri okha pakhomo, mayi ake ndi ine, ndiye mtima wake sungakhale m'malo ngati sakudziwa amene akulowa ndi kutuluka. Sindinatsutse. Mtengwa wa miyezi isanu ndi iwiri angatsutse chiyani?

Mmisiri amene anadzakaika anali wamtali ngati mlongoti, ndipo anaboola khoma poyezera maso ake. Titayesa, pafoni pankangooneka nsonga za zipewa ndi mipango. Jasur anamuuza kuti atsitse. Iye anati kuboola kawiri njerwa ing'ambika, komanso pamwamba m'pabwino chifukwa akuba sazula msanga. Mpaka lero apongozi anga kuti adine belu la pakhomo pawo pomwe amachita kuimira zala zakumapazi.

Belu lakale lija, lachingwe, limene linkalira mpaka kukhitchini ngati mbuzi yomangidwa, analizula. Anati mabelu awiri sangakhale pakhoma limodzi. M'malo mwake anatisiyira kanthu kena kolumikiza pamagetsi m'nyumba kuti kazilira. Kanalira milungu iwiri. Magetsi atathima tsiku lina n'kuyakanso, kanangoti zii. Mmisiriyo ndamuimbira kasanu. Kawiri anati ali m'njira, kamodzi anati ali kumaliro, kenako anasiya kuyankha.

Foni yanga mukuidziwa, ija munandisiyira inu. Uthenga wa belu umafikamo mlendo atatopa kale n'kukamwa tiyi kwa aneba. Ndiye zinafika poti munthu akaima pageti pathu, foni imalira ku Korea, Jasur amathamangira panja pa fakitale, n'kundiimbira ine kuti Zilola, pageti pali munthu. Munthu ali pamtunda wa mapazi makumi awiri kuchokera pamene ndakhala, koma nkhani yake iyambe yawoloka nyanja n'kubwerera. Poyamba ndinkaseka.

Kenako kanayamba kuona zinthu zosafunika. Mphaka wa aneba akadutsa, foni ya Jasur ilire. Tsamba likagwa, ilire. Koma wa gasi atabwera kudzawerenga mita, munthu wamkulu ndi chikwama chake, kanangomuyang'ana osanena kanthu. Kuzizira kutayamba, batire likutha masiku anayi okha. Ndani akwere pampando kukalichotsa? Ine, ndi mimba yangayi. Apongozi amagwira mpando kwinaku akundinena kuti ndikagwa anthu adzati anandikankha ndi iwo.

Mukudziwa kuti mtengwa amasesa pageti dzuwa lisanatuluke. Ine ndimasesa, sindinayambe ndadumphapo tsiku. Koma tsopano kusesa kwanga kumalembedwa ndi nthawi yake. Jasur amati, moseka, lero wayamba mochedwa ndi theka la ola. Tsiku lina ndili chowerama, khoma linalankhula kuti ndasiya masamba kumanzereko. Ndinaponya tsache n'kukuwa. A Lobar, aneba athu a kutsidya kwa msewu, anaseka mpaka kugwira mpanda. Iwowo anasiya kubwera kwathu. Akafuna sefa amakuwira patali. Ndinawafunsa chifukwa chake, iwo anati, "Ine ndibwereke sefa ndikaonekere ku Korea nditavala chonchi? Mwamuna wanga yemwe sandiyang'ana kawiri."

Chomaliza, Jasur analamula kuti geti lizikhala lokiya ngakhale masana. Anati belu likhala lachabe ngati aliyense akungokankha n'kulowa. Kwathuko geti timakiya dzuwa likalowa, ndipo Abambo amati geti lokiya masana ndi la nyumba imene muli mkangano. Ndinawakumbukira mawuwo, koma ndinakiya.

Tsopano ndifike pa mawu aja. Jasur amaitanitsa zinthu za mwana pafoni ali konko, anthu a njinga zamoto n'kumabweretsa. Akafika iye ali pamakina, foni ili m'kabati, palibe woyankha, katundu amabwerera. Ndiye anatulukira kuti belulo limatha kuyankha lokha ngati papita kanthawi popanda woyankha, bola munthu ajambuliretu mawu. Anati ndijambule ine, chifukwa mawu a mkazi anthu amawamvera.

Linali tsiku la mu Ogasiti, kukutentha, ine ndikusanza kuyambira m'mawa. Poyamba ndinajambula mmene munthu amalankhulira ndi munthu. Ndinapereka moni, ndinafunsa ngati ayenda bwino, ndinapepesa kuti atipeza tatanganidwa. Belu linandidula ndisanafike n'komwe pa nkhani ya katundu. Limalola masekondi khumi okha. Achimwene, moni wathu sakwana m'masekondi khumi. Ndinachotsa kufunsa za ulendo, sizinakwane. Ndinachotsa kupepesa. Jasur pafoni akungoti fupikitsa, fupikitsa, nthawi yanga yopuma ikutha. Kachisanu ndi chimodzi ndinali nditapsa mtima, nseru ili pakhosi, ndipo ndinangoti: "Sitituluka. Chimene mwabweretsacho siyani pageti pomwepo, muzipita." Jasur anati eya, zimenezo ndiye zomveka. Ndinathamangira kubafa, ndipo mawuwo ndinawaiwala.

Za pa 14 Novembala inu mukudziwa zimene Abambo anakuuzani. Ine ndikuuzani zimene ndinaona, chifukwa belu lija, limene linalephera kundiitana, silinalephere kujambula.

Apongozi anali atapita kumapemphero a maliro mumsewu wachitatu. Ine ndinali m'chipinda cha kuseri, mapazi ndakweza pamtsamiro, wailesi ikulira. Mbaula inali yoyaka, utsi ukutuluka padenga. Aliyense woima panja akanadziwa kuti m'nyumba muli munthu. Jasur anali pamakina.

Pa kanemayo nthawi yalembedwa 11:12. Abambo akutulukira chakumanja, atavala chikhoti chawo chakwathu chija chosokerera thonje, kamtolo ka nsalu yoyera ali nako pachifuwa. Akukankha geti. Akudabwa. Akugogoda ndi chikhatho, koma geti lachitsulo lija lili kutali ndi nyumba. Kenako akuona belu, akudzikonza kolala, akuvula chipewa ngati akulowa mu ofesi, akunyanyamphira n'kudina.

Paja kamera ili pamwamba. Ndiye chimene ndinkaona kwambiri ndi pamutu pawo. Achimwene, tsitsi la Abambo linatha liti? Ine sindinkadziwa.

Akudikira akumwetulira. Kenako mawu anga akutuluka. Abambo akupendeketsa mutu, kutchera khutu lawo labwino lija. Akuti, "Zilola, ndine bambo ako, mwanawe." Akudinanso. Mawu omwe aja. Akuyang'ana kumbuyo ngati pali wina wamva. Akuti, chapansipansi, "Amayi ako aphika m'mawa uno, akadali wofunda." Akudina kachitatu. Ine, mwana wawo, ndikuwauzanso kachitatu kuti sitituluka, asiye pomwepo, azipita.

Sanadinenso. Anavala chipewa. Anayamba kufunafuna poika buledi. Geti lathu ndi losalala, lilibe msomali ngakhale umodzi. Anayesa pamwamba pa mpanda, sanafikire. Pansi panali matope a mvula ya dzulo lake. Anaima kanthawi ndithu, kamtolo kali m'manja. Munthu wina akanangosiya pansi, poti wauzidwa kale kuti asiye. Koma Abambo aike buledi pansi, chinthu chimene kwathu sitichita? Anapanira kamtolo kukhwapa, anavula chikhoti, anachipinda kanayi bwinobwino, anachiyala pamatopepo, n'kuikapo buledi choyang'ana kumwamba. Anawongola kansalu. Kenako anatembenuka atangovala malaya ndi kajuzi kopanda manja kaja, n'kutuluka m'chithunzi chakumanja komwe anachokera. Nthawi inali 11:19.

Anakwera takisi maola asanu, kudutsa phiri la Kamchik, kuti adzaime pageti panga mphindi zisanu ndi ziwiri.

Apongozi ndiwo anapeza zinthuzo pobwera, cha m'ma 1 koloko. Analowa akukuwa kuti ndani wasiya buledi panja. Ine nditangoona chikhoticho ndinachizindikira. M'matumba mwake munali makangaza anayi, awiri uku awiri uku, a mumtengo wa kuseri kwa khola uja. Ndinaimba foni ya Abambo, inali yothima. Ndinafuna kuthamangira kokwerera matakisi, apongozi anandigwira kuti ndi mimba imeneyo sindipita kulikonse. Anapita a Lobar ndi amuna awo. Anauzidwa kuti mkulu wopanda chikhoti wakwera kalekale. Madzulo ake ndi pamene munandiimbira inu, ndipo mawu amene munandiuza sindiwabwereza pano. Ena mwa iwo ndinayenera kuwamva.

Ndikudziwa kuti munawafotokozera Abambo kuti sindinali ine, anali makina. Amayi anandiuza kuti munachita kuwaonetsa pafoni yanu mmene mawu amajambulidwira, mpaka munajambula a Nasiba akuitana nkhuku. Ndikuthokoza. Anandiuzanso zimene Abambo anayankha. Akuti anamvetsera zonse, n'kufunsa kuti, mawuwo anali a ndani? Inu munati a Zilola, koma sankanena iwo, ankanena anthu obweretsa katundu. Ndiye Abambo akuti anati, oho, ndiye wobweretsa katunduyo alibe mwana? Alibe mayi? Akuti anati iwo sanalere mwana woti munthu ataima pakhomo pake, kaya ndi ndani, amuuze kuti azipita popanda ngakhale moni.

Achimwene, milungu itatu ndakhala ndikufuna yankho la mawu amenewo, ndipo sindinalipeze. Poyamba ndinkati Abambo akuumitsa mutu, sakumvetsa za m'tauni. Ndinkati wolakwa ndi Jasur, ndi mmisiri uja, ndi magetsi, ndi foni yanu yakaleyi. Onsewo ali ndi mbali yawo. Koma pakamwa panali panga. Mawu amenewo anamveka pageti pano kuyambira Ogasiti, kwa anthu angati sindikudziwa. Ndinapita kukaona makanema akale amene anali asanafufutike. Muli bambo wina wa njinga yamoto, wamkulu ndithu, mvula ikumuthira, akumva mawu angawo n'kugwedeza mutu. Muli mayi wina amene ankangofunsa njira. Sindinachite manyazi ndi onsewo mpaka tsiku limene anaimapo ndi Abambo. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chimenecho.

Ndipo musaiwale kuti Abambo anali kale ndi kachilonda. Paukwati paja mlongo wa apongozi anafunsa mokweza ngati kwathu kuli madzi a m'mipope. Abambo anangoseka, koma ine ndinaona makutu awo atafiira ndi manyazi. Chaka chonse sanabwere, ankangoti mwana akhazikike kaye, tisawapanikize asewere. Tsiku loyamba limene analimba mtima n'kubwera, anamva zimenezo.

Za apongozi anga ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa ndakhala ndikuwadandaula kwa Amayi kambirimbiri. Nditawaonetsa kanemayo, anaonera kamodzi kokha. Kenako anati ndiwaimbire mwana wawo. Sindinawamvepo akulankhula naye choncho. Anati, "Iwe Jasur, bambo ako anamwalira geti ili lisanakanizepo munthu, ngakhale woledzera. Lero sewere wanga wavulira chikhoti pamatope anga. Ine nkhope ndiiloze kuti?" Jasur anayesa kunena za akuba. Iwo anati wakuba akabwera adzamupatsa tiyi, kusiyana n'zimenezi. Chikhoticho anachapa okha, osandilola kukhudza madzi ozizira, ndipo buledi tinadya yense mpaka nyenyeswa.

Jasur naye musamuweruze kwambiri. Anawaimbira Abambo kanayi, sanayankhe. Tsiku lina ndinamukalipira kuti achotse chinthu chakecho, iye anati kumeneko amagona anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi, ndipo akaweruka amatsegula foni n'kumangoyang'ana geti lathu, ngakhale palibe munthu, kungoona mtengo wa pakhomo ndi msewu. Anati zakusesa zija sankandilonda, kungoti ndi nthawi yokhayo imene amandiona ndikuyenda. Ndinatopa naye, komanso ndinamumvera chisoni, zonse nthawi imodzi.

Ndiye tinagwirizana chonchi. Belu likhale, azionera msewu wake. Mawu aja ndinawafufuta ndekha, ndipo palibenso mawu ena amene adzajambulidwe. Geti likutsegulidwa ndikamasesa, likukiyidwa dzuwa likalowa. Amuna a a Lobar anatimangirira kabelu ka ng'ombe pamwamba pa geti ndi waya, ndipo kamalira munthu akangokankha, magetsi alipo kapena palibe. Wa njinga yamoto uja anabweranso sabata yatha ndi mabulangete a mwana. Ndinatuluka ndekha, ndinamupatsa moni wonse, ndinamuuza kuti alowe amwe tiyi. Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Anati mayi, ndili ndi makomo khumi ndi awiri akundidikira. Anamwa ataimirira, koma anamwa.

Sindikunena izi kuti mundiyamikire. Madzi akatayika saoleka. Ndikungofuna Abambo adziwe kuti ndinamva.

Pali kanthu kena kopusa kamene sindinauze munthu. Makanema a beluli amafufutika okha pakatha masiku makumi atatu. Wa Abambo watsala ndi sabata imodzi. Jasur akuti akhoza kuusunga ngati ndikufuna. Sindikudziwa chimene ndikufuna. Ndimauonera tsiku lililonse ndipo umandidwalitsa. Koma ndilibe kanema wina aliyense wa Abambo, paja akaona foni yawaloza amatembenuka. M'menemo muli pamene akudzikonza kolala akumwetulira, asanamve kanthu. Ndimaimitsa pamenepo.

Tsopano pempho langa, ndi limodzi lokha.

Mukudziwa kuti bambo a Jasur kulibe, ndipo Jasur sapatsidwa tchuthi mpaka Epulo. Kalekale tinagwirizana, apongozi akuvomereza, kuti mwana akabadwa Abambo ndiwo adzamunong'oneze mawu a pemphero m'khutu ndi kumutcha dzina. Mwanayu alibe agogo aamuna ena. Ndinkasunga nkhaniyi kuti ndidzawauze pamaso. Tsopano Amayi akuti Abambo anena kuti kabedi ka mwana adzatumiza pa takisi, Amayi ndi a Nasiba adzabwera, koma phazi lawo silidzapondanso ku Sergeli. Apongozi akuti zikatero tidzaitana a shehe a pamzikiti wapafupi. Ndi munthu wabwino, sindikumunyoza. Koma sindikufuna kuti mawu oyamba kulowa m'khutu mwa mwana wanga akhale a mlendo, pa chifukwa cha mawu amene analowa m'khutu mwa Abambo.

Ndikanabwera ndekha kudzagwada, koma kusikelo andiletsa phiri lija, ndipo a Ergash akuti sanyamula mayi wa miyezi isanu ndi itatu pa chipale chofewa ngakhale atawalonjeza nkhosa. Apongozi akuti iwo ali okonzeka kubwera Lachisanu likudzali kudzapepesa kwa asewere awo, miyendo yawo yowawayo. Ndiuzeni ngati zimenezo zingathandize kapena ziwonjezera moto. Inu ndi amene mumawadziwa akadzuka bwino.

Chimene ndikupempha ndi ichi: abweretseni. Musawanyengerere ndi nkhani za makina, zimenezo anamva kale ndipo anayankha. Auzeni kuti Zilola akuti munanena zoona. Muwauze nthawi ya m'mawa akamaliza tiyi, osati akuchokera kumunda. Akakana, musakangane nawo, inu ndi iwo nonse ndinu a mtima wapachala. Mudzawauzenso mawa lake.

Munandiuza pafoni kuti nditumize chikhoti pa takisi chifukwa kwazizira ndipo Abambo akukana kugula china. M'chikwama chimene a Ergash akupatseni muli jekete la Jasur la ku Korea, lofunda kuposa bulangete. Muwaveke, ngakhale anene kuti akuoneka ngati woyendetsa ndege. Mulinso mankhwala a chifuwa, masokosi a Amayi ndi maswiti a ana. Koma chikhoti mulibe, musavutike n'kukhuthula chikwama.

Chikhoti sinditumiza, Achimwene. Mundinene kuti ndine wamwano ngati mufuna. Chikapita pa takisi, ndiye kuti nkhani yatha mmene Abambo anaisiyira, ndipo ine sindikuvomera. Chachapidwa, batani limene linkalendewera ndalisoka, chili pamsomali m'chipinda cha alendo, pafupi ndi mbaula. Makangaza atatu tinadya. Limodzi ndalibwezera m'thumba lakumanja. Anachisiya okha pageti panga, adzachitenge okha m'nyumba mwanga.

Dzanja latopa ndipo mwana akundimenya nthiti, ndiye ndilekere pano. Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti buledi wawo anafika ali wofunda ndithu. Moni kwa alamu anga a Nasiba, kwa ana, Sevinch ndi Otabek, kwa azakhali a Mastura, kwa amalume ndi banja lawo lonse, ndi kwa aneba a kumpoto amene amandifunsa. Apongozi akupereka moni kwa nonse, makamaka kwa asewere awo. Jasur nayenso, ngakhale akuopa kuti moni wake simuulandira.

Moni wa Abambo sindikulemba muno. Ndi wautali, ndipo ndinaudulapo kale kamodzi. Ndidzawapatsa wonse pageti. Akadzafika asadzafune belu, angokankha.

Ndine mlongo wanu,
Zilola